Makina Oyesa Madzi ku Feira, ndi Amene Amayesa Makinawo

Pa malo pamene mtsinje wa Luangwa umathira m'Zambezi pali Boma la Luangwa, limene akuluakulu ambiri akali kulichula ndi dzina lace lakale la Feira. Dzinalo ndi la Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndilo msika, pakuti amalonda a Cipwitikizi anali kugula minyanga pamenepo zaka zoposa 200 zapitazo. Linasinthidwa m'caka ca 1964. Munthu ataima pa gombe la Feira amapenya maiko ena awiri: kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa m'Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli dziko la Zimbabwe, kumene kuli Kanyemba. M'Zambia monse mulibe malo ena otsika monga amenewa. Ndico cifukwa cace kumatentha koopsya, ndiponso ndico cifukwa cace madzi ocokera kumtunda konse ayenera kudzera pakhomo pa anthu a kumeneko.

Anthu a Mfumu Yaikulu Mburuma ndi a Mfumu Mphuka, Ansenga ndi Acikunda, moyo wao uli pa mitsinje iwiriyi. Mvula ya kumeneko njocepa ndi yosadalirika, motero ambiri amalima madimba m'mbali mwa madzi, pa nthaka imene cigumula casiyapo cinyontho. Ena ndi asodzi, ndipo nsomba zouma zimene apaulendo amagula pa ulalo wa Luangwa, zambiri zimacokera kumunsi kumeneko. Kwa anthu otere, madzi kukwera mkono umodzi si nkhani yaing'ono ai. Mkono umodzi ndiwo umasiyanitsa dimba lokolola ndi dimba lomira.

Kale akulu anali kudziwa nyengo ya mtsinje monga adziwira nyengo ya masau. Koma khoma la Kariba linatsekedwa mu December 1958, ndipo la Cahora Bassa linatsekedwa mu 1974, ndipo kuyambira pamenepo Feira ali pakati pa makoma awiri. Zitseko za Kariba zikatsegulidwa, madzi angathe kukwera kumwamba kulibe mtambo ndi umodzi womwe. Nyanja ya Cahora Bassa ikadzala, mcira wace umafika ku Zumbo nuimitsa madzi kuti asatsike msanga. Luangwa naye, amene alibe khoma lom'letsa, amadza ndi mvula imene inagwa kutali ku mapiri a Mafinga masiku angapo apitawo. M'zaka monga 1978, 2001 ndi 2008 zigumula zinasautsa kwambiri anthu a m'cigwa ca Zambezi. Maso a mkulu wa pa mudzi sakwaniranso. Cenjezo liyenera kucokera kumtunda, ndipo liyenera kudza ndi nambala.

Nambalayo imapezeka motere. Pa magombe ena pamaimikidwa mizati ya citsulo yolembedwa mamita ndi masentimita, imene anchito amaicha geji, ndipo munthu wa pa mudzi wapafupi amapita kukawerenga m'mawa ndi madzulo, nalemba m'buku. Pa ulalo wa Luangwa pa mseu wa Great East, makilomita oposa 80 kumpoto kwa Feira, pali malo otere oyesera madzi. Oyang'anira nchitoyi m'Zambia ndiwo a Water Resources Management Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2011. Za Kariba amayang'anira ndi a Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe pamodzi, loyambika mu 1987. Masiku ano pa malo ena aikapo makina amene amayesa okha usana ndi usiku, natumiza nambala ku ofesi pa lamya ya m'mlengalenga. Zipangizo zace zatsika mtengo, kotero kuti mnyamata kapena mtsikana wophunzira za magetsi ku Kitwe kapena ku Ndola angathe kumanga makina otere pa thebulo la m'nyumba mwace.

Tsono apa ndipo pali msampha. Makina akalemba kuti madzi afika pa mamita 7.59, anthu amakhulupirira msanga, cifukwa nambala yokhala ndi kadontho ndi timanambala tiwiri kumbuyo imaoneka ngati yanzeru koposa ya m'buku la munthu wa pa gombe, amene walemba ndi pensulo kuti mamita 8. Koma nkotheka ndithu kuti wa pensuloyo ndiye wanena zoona. Kuti cimeneci cimveke, kuyenera kuona za m'kati mwa bokosilo.

Pansi pa madzi pamamizidwa kacitsulo kochedwa sensa, kamene kamamva kulemera kwa madzi ali pamwamba pace. Madzi akazama, kulemerako kumakula. Masensa ambiri a mtundu uwu amayankha ndi magetsi oyenda m'waya, kuyambira mamiliampere 4 pamene palibe madzi kufikira mamiliampere 20 pamene madzi afika pa malire a sensayo. Magetsiwo akapyola m'kacipangizo kochedwa resistor, ka maohm 250, amasanduka mphamvu yoyambira pa volti 1 kufikira mavolti 5. Ngati sensa ndi ya mamita 10, ndiye kuti volti 1 ikunena kuti pouma, mavolti 3 akunena mamita 5, ndipo mavolti 5 akunena mamita 10.

Koma mwini bokosi, kacipangizo kakuda kocepa ngati cikhadabo kamene amisiri amakacha microcontroller, sadziwa mavolti. Iye adziwa kuwerenga manambala basi. Motero m'kati mwace muli gawo lochedwa ADC, limene nchito yace ndiyo kusandutsa mphamvu ya magetsi kuti ikhale nambala. M'kabolodi kodziwika kwambiri ka Arduino Uno, ka m'banja la Arduino limene linayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ADC iri ndi masitepe 1,024, kuyambira 0 kufikira 1023. M'kacipangizo kena kochedwa ESP32, kopangidwa ndi kampani ya Espressif ya ku Shanghai, masitepe ndi 4,096.

Kawerengedwe kace kafanana ndi ka mwini buchala wakale, uja anali ndi sikelo ya mbale ziwiri ndi miyala yace. Amayamba waika mwala wolemera theka la muyeso wonse, naona ngati nyama yaupambana. Ikaupambana amausiya pa mbale, naonjeza wa theka la thekalo. Ikalephera amaucotsa, nayesa wocepawo. ADC ya Arduino Uno imafunsa mafunso otere khumi, ndipo ikatha yapeza nambala. Nchitoyi imacitika msanga koposa kuphethira kwa diso. Koma ali yense amene anagulapo nyama adziwa kuti nzeru yonse ya sikelo yotere iri m'miyala. Mwala ukakhala wonama, mwini buchala angakhale woona mtima cotani, muyeso wace udzanama.

Mwala wa ADC ndiwo mphamvu ya magetsi imene imayerekezera nayo zonse, muyeso wace wa maziko. Pa Arduino Uno, ngati mmisiri sanasinthe kanthu, muyesowo ndi magetsi omwewo amene akudyetsa bolodi, amene pa pepala alembedwa kuti ndi mavolti 5. ADC siidziwa ngati alidi 5. Cimene imanena ndi ici cokha: mphamvu yocokera ku sensa ndi gawo lakuti la muyeso wa maziko. Wolemba malangizo a makinawo ndiye amene amaganiza kuti ndi 5, nawerengera pamenepo.

Nayi nkhani ya manambala, ndipo omvera amene ali ndi pensulo pafupi angathe kuitsata. Magetsi akakhala mavolti 5 enieni, sitepe iri yonse ya ADC iri ngati masentimita 1.22 a madzi. Koma tsono magetsiwo akhale mavolti 5.2, cinthu cimene cimacitika kawiri kawiri ndi zipangizo zotsika mtengo. Madzi akakhala pa mita 1, sensa imatumiza mavolti 1.4, ADC imawerenga 275 m'malo mwa 286, ndipo makina amalemba masentimita 86. Asowa masentimita 14. M'cilimwe palibe amene angadandaule nazo. Koma madzi akafika pa mamita 8, sensa imatumiza mavolti 4.2, ADC imawerenga 826, ndipo makina amalemba mamita 7.59. Tsopano asowa masentimita 41. Colakwa cakula pamodzi ndi mtsinje, ndipo cakula kwambiri pa tsiku lomwelo limene anthu a m'madimba akudikira kumva ngati acotse cimanga ndi mbuzi zao. Magetsi akatsika kufika pa mavolti 4.8, colakwa cimatembenukira kwina: madzi a mamita 5 amaoneka ngati mamita 5.3, ndipo anthu amathamangitsidwa pacabe. Ici naconso ncoipa, pakuti mudzi umene wacenjezedwa pacabe kawiri sudzamvera kacitatu.

Ku Feira zinthu zosintha magetsi nzambiri. Bokosi limadya batire yodzazidwa ndi dzuwa, imene mphamvu yace imakwera masana nitsika mbanda kuca. M'mwezi wa October kutentha kwa m'cigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo m'bokosi la citsulo lokhala pa dzuwa mumatentha koposa pamenepo. Zipangizo za magetsi zikatentha, miyeso yace imasuntha pang'ono. Ngakhale resistor ija siikhala maohm 250 enieni. Ya mtundu wamba, yokhala ndi mzere wa golidi, iloledwa kuphonya ndi magawo 5 pa 100. Yabwinopo imaphonya ndi gawo limodzi. Gawo limodzi lokhalo, pa madzi a mamita 5, ndi masentimita 7 ndi theka.

M'kati mwa kacipangizo ka Arduino Uno mulinso muyeso wina wa maziko, wa mavolti 1.1, umene sutsata batire. Ambiri akaumva amayesa kuti bvuto latha. Koma opanga ace eni analemba poyera kuti ungakhale pali ponse pakati pa volti 1.0 ndi mavolti 1.2. Ubwino wace ngwakuti m'kacipangizo kamodzi umakhazikika ndithu; koma tiwiri togulidwa tsiku limodzi m'sitolo imodzi tingathe kusiyana. Kali konse kayenera kuyesedwa pa kokha, ndipo nambala yace ilembedwe pa bokosi lace. Amisiri osamala amagula kacipangizo kapadera ka muyeso wa maziko, kopangidwira nchito imeneyi yokha. Mtengo wace sufika pa mtengo wa thumba limodzi la cimanga comira.

Zolakwa zazikulu za makina otere ziripo ziwiri, ndipo amai a pa msika amazidziwa zonse. Coyamba ndi ca sikelo imene muvi wace suyambira pa ziro: ciri conse coikidwapo cimaonjezeka kapena kucepa ndi muyeso umodzimodzi. Caciwiri ndi ca tepi ya telala imene yatamuka ndi ukalamba: pa nsaru ya kamwana siphonya kwambiri, koma pa nsaru yaitali imaphonya kwakukulu. Kulinganiza makina, kumene Azungu amati calibration, ndiko kupeza zolakwa ziwirizi ndi kuzicotsa. Ndipo popeza ziri ziwiri, kuyesa pa malo amodzi sikukwana.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ndipo amapunthwa ndi mtima wabwino. Mmisiri amafika pa mtsinje m'cilimwe, pamene mseu uli wouma ndi gombe lofikika. Aona geji ikunena mita 1, makina akunena masentimita 86, aonjeza masentimita 14 m'malangizo, ziwirizo zagwirizana, ndipo abwerera ku Lusaka wokondwa. Iye wakonza muvi wa sikelo, koma tepi ikali yotamuka. Mu February madzi akafika pa mamita 8, makina ace adzalemba mamita 7.73, akali osowa masentimita 27, ndipo tsopano adzakhulupiriridwa koposa kale cifukwa m'buku mwalembedwa kuti anayesedwa.

Njira yoyenera siri yobvuta. Pafunika miyeso iwiri yodziwika bwino, umodzi pafupi ndi pansi, wina pafupi ndi pamwamba. Ingapezeke pomiza sensa m'citsime kapena m'paipi yoimika yodzala madzi, pa kuya koyesedwa ndi tepi ya citsulo. Kapena, ngati cofunika ndico kuyesa bolodi lokha, polipatsa magetsi odziwika ndi mita ya magetsi yodalirika. M'citsanzo cija, pa mita 1 makina anawerenga 275, ndipo pa mamita 9 akanawerenga 905. Pakati pa manambala awiriwa pali masitepe 630, ndipo pakati pa miyeso iwiriyo pali masentimita 800. Kugawa 800 ndi 630 kupatsa 1.27. Imeneyo ndiyo sitepe yeniyeni ya bokosi limeneli, osati 1.22 ya pa pepala. Tsono ADC ikawerenga 826, mmisiri acotsapo 275, patsala 551. Acurukitsa ndi 1.27, apeza masentimita 700. Aonjezapo mita ija yoyambira, ndipo yankho ndi mamita 8, monga momwe geji ikunenera. Manambala awiri amenewa, poyambira ndi kukula kwa sitepe, amasungidwa m'makinamo. Koma agwira nchito pokha pokha ngati muyeso wa maziko ukhala monga unaliri tsiku loyesalo. Ngati ukwera ndi kutsika ndi batire, ndiye kuti nchito yonseyi yapita m'madzi, ndipo coyamba kukonza ndico muyesowo.

Nkwanzeru kuyesanso pa malo acitatu, pakati. Nambala ya pakati ikapatuka, ndiye kuti mzere wa makinawo ngwokhota. ESP32 njodziwika ndi khalidwe limeneli: pafupi ndi pansi imakhala ngati yogontha, pafupi ndi pamwamba imakhota, kotero kuti opanga ace amayesa tizipangizo tao ku fakitale, nasindikiza manambala okonzera m'kati mwace. Wosawagwiritsa nchito manambalawo amataya cimene analipira kale. Masitepe 4,096 amamveka ambiri poyerekeza ndi 1,024, koma kucuruka kwa masitepe kumangocepetsa timagawo. Sikuwongola makwerero okhota.

Palinso cizolowezi cina cabwino cimene ena amaciyesa mankhwala a nthenda zonse. Mafunde, mphepo ndi phokoso la m'mawaya zimabvinitsa nambala, motero makina amauzidwa kuwerenga kambiri, kaya ka 16 kaya ka 64, ndi kutenga ca pakati. Izi zimaletsa kubvinako ndithu. Koma tepi yotamuka, ngakhale itayesa nsaru ka 64, nthawi zonse idzapereka yankho limodzi lolakwa, ndipo kukhazikika kwa yankholo kumangonyenga woyang'ana.

Wina angafunse kuti, nanga mita ya magetsi ija yodalirika, waiyesa ndani? Funsoli nloyenera. Amuna a ku migodi ya Mufulira, Nchanga ndi Kansanshi adziwa kuti kamakina kocenjeza za mpweya woipa sikakhulupiriridwa cifukwa cakuti nyali yace yayaka. Kamayamba kanunkhizidwa mpweya wa m'botolo umene muyeso wace udziwika, ndipo kakalephera sikatsika pansi. A m'tauni adziwa cizindikilo cimene cimamatidwa pa pampu ya petulo ndi pa sikelo ya m'sitolo. Nchito imeneyo iri m'manja mwa Zambia Metrology Agency, yokhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2017, imene imasunga miyeso ya dziko. Ndipo miyeso ya maiko imalinganizidwa ndi ya pa dziko lonse, imene likulu lace liri ku Sèvres pafupi ndi Paris. Coyesera ciri conse ciri ndi mkulu wace amene amaciyesa. Mita ya pa msika imene palibe anaiyerekezapo ndi ina iribe mkulu, ndipo kulinganiza bokosi ndi mita yotere ndiko kungosamutsa colakwa.

Geji nayo iri ndi mkulu wace. Mtsinje umagwetsa gombe, mitengo yoyandama imagunda mizati, mvuu zimadzikanda pamenepo. Cifukwa cace pa mtunda wouma pamakhala cizindikilo cokhomedwa m'simenti kapena m'thanthwe, ndipo oyesa malo amadza nthawi ndi nthawi ndi makina ao a miyendo itatu kudzaona ngati mzati sunatitimire kapena kupendekeka.

Zonsezi zikacitika, mtsinje wa Luangwa ukali nazo zace. Madzi ace ndi a matope ndi mcenga, ndipo matopewo amatseka timaboo ta sensa. Kapaipi kakang'ono ka mpweya kamene kamatsata waya, kuti sensa isawerengere kulemera kwa mlengalenga pamodzi ndi kwa madzi, kamalowa cinyontho kapena kupindika. Mcenga wa pansi umasamuka caka ndi caka, kotero kuti sensa imene inali m'madzi mu April ingapezeke yokwiririka mu September. Zotere palibe thebulo la ku Lusaka limene lingazione. Amene amaziona ndiye munthu uja wa pensulo, ndipo pamene ena amati makina akafika iye nchito yace yatha, akulakwitsa kwambiri. Buku lace la m'mawa ndi madzulo ndilo lokha limene lingasonyeze tsiku limene makina anayamba kupatuka, ndiponso ngati akupatuka masana okha dzuwa likatentha bokosi, kapena madzi akakwera, kapena nthawi zonse. Mmisiri wodziwa kuwerenga mapatukidwe amenewa amadziwiratu cobvuta asanatsegule bokosi: ca masana ndi kutentha kapena batire, ca madzi okwera ndi sitepe, ca nthawi zonse ndi poyambira kapena mzati.

M'cigwa ca Feira nyengo ya nchitoyi imadzisankha yokha. October ndi November, madzi ali pansi ndipo kutentha kuli pa cimake, ndiyo nthawi yobvuula sensa, kuitsuka, kuiyesa pa miyeso iwiri, ndi kuona ngati nambala ya masana igwirizana ndi ya mbanda kuca. Muyeso wa pamwamba wa pa mtsinje weniweni sungapezeke kufikira February kapena March, pamene njira za ku magombe ziri matope okha okha ndipo mmisiri wa ku tauni safuna kuyenda. Pa masiku amenewo wowerenga geji alembe ola lenileni pambali pa nambala yace, pakuti mtsinje wokwera umasintha m'maola ocepa, ndipo nambala ya 6 koloko siingayerekezedwe ndi ya makina ya 9 koloko.